Mazira a M'ndege, Thadzi la Eni

1. Katundu wosakwera njinga

Chaka chimenecho chitopa chinalowa ku Lirangwe ngati mesenjala wa msonkho, khomo ndi khomo, osalonjera. Pofika mwezi wa Okutobala anthu a m'mudzi mwa Enifa ankadzuka dzuwa litakwera, chifukwa tambala wowadzutsa panalibenso. Pakhomo pa amake Enifa panatsala nkhuku imodzi yokha, thadzi lofiira lamakani, limene ngakhale imfa inaliona kuti n'lovuta kukambirana nalo.

Thadzi limenelo linali ndi ntchito yoliyembekezera. A Wilkins, atate ake a Enifa, anapita ku Sozibele, kunja kwa dziko lino, iye ali wamng'ono, ndipo ankagwira ntchito pa famu ya nkhuku ya mzungu wina. Tsopano Enifa anali mu Sitandade 4, mtsikana wosenza ndowa yodzaza osagwirira, koma nkhope ya atate ake inali itayamba kufufutika m'mutu mwake. Anthu anali atayamba kuwatchula kuti mtchona.

Kenaka dalaivala wa lole anabwera ndi uthenga wapakamwa. A Wilkins atumiza mazira a nkhuku zachizungu pa ndege. Mazirawo akaswa, iwo asiya ntchito, abwere kudzaweta nkhuku kwawo.

"Akuti sangabwerere kumudzi kudzangokhala pakhonde ngati mtondo," anatero dalaivala uja. "Akamva kuti khola lili ndi poyambira, akwera sitima."

Mwamwayi thadzi lofiira linali litayamba kufungatira. Enifa analiikira miyala yobulungira m'chisa kuti lisasinthe maganizo, ndipo ilo linakhalira miyalayo ndi mtima wonse.

Tsiku la ndege litafika, Enifa analawirira ku Chileka ndi malume ake, a Mailosi, atelala a pakhonde la sitolo ya pasiteshoni. A Mailosi anali munthu amene makina ake ankapuma Lamulungu, koma pakamwa pake ayi. Anamukweza pa kaliyala wa njinga, ndipo njira yonse ankamuuza kuti ndege imamwa palafini migolo iwiri pa kadzutsa pokha.

Ku bwalo la ndege anakumana ndi a Smart, mnzawo wa a Wilkins, amene ankanyamula katundu wa apaulendo. Ndege itatera munatuluka mabwana a Chitaganya, masuti akuda, malaya oyera, akudzipepesa mphepo ndi nyuzipepala. Pambuyo pawo panatuluka a Smart, amene analowamo kukatsitsa katundu, atafungata kabokosi ka matabwa ngati khanda la mfumu. Atatsegula pang'ono, Enifa anaona mazira aakulu, ofiirira, atagona mu utuchi.

"Mvetsera bwino, mwana wa Wilkins," anatero a Smart, "chifukwa ine ndimayankhula ngati ndege: ikanyamuka sibwerera munthu amene waiwala chipewa. Mazirawa agwedezeka kale mokwanira m'mwambamo. Usawakweze pa njinga. Ukafika usathamangire kuwaika pansi pa nkhuku. Agone kaye tsiku lathunthu pamalo pozizira, kosongoka kutaloza pansi, kuti zam'kati zikhazikike. Usawatsuke. Ndikudziwa kuti kusukulu amakuphunzitsani kutsuka chilichonse mpaka mafuwa, koma dzira lotsuka limasukusa. Usawasungenso. Ndi kutentha kuno, sabata ikatha ali m'bokosi, ungoitana anzako mukazinge. Ndipo akadzayamba kugogomola, manja ako akhale kumbuyo. Mwanapiye wothandizidwa kutuluka sachedwa kufa."

"Malamulo onsewa ndi a mazira okha?" anafunsa a Mailosi. "Aposa a malimidwe."

"Awa ndi mazira okwera ndege, achimwene. Inu munakwerapo?"

"Ine ndimakwera njinga. Ikandigwetsa ndimadzuka n'kusasa fumbi. Zanuzo zikakugwetsani amakutolani ndi lichero."

Pobwerera Enifa anaika bokosi pa nkhata n'kuyenda wapansi, khosi lili njo. A Mailosi ankakankha njinga pambuyo. Dzuwa linali loswa mtengo, ndipo aliyense wokumana nawo ankafuna kudziwa ngati njinga yafa.

"Njinga ili bwino," ankayankha a Mailosi. "Tikuperekeza alendo a ku Sozibele. Sakonda mabampu."

2. Mlendo wa kuchimuna

Anafika ku Lirangwe dzuwa likulowa, mapazi a Enifa atachita matuza. Anatula bokosi pafupi ndi mtsuko wa madzi, pamene panali pozizira, n'kuthamangira kuseri kwa khitchini kuti akaone thadzi.

M'chisa munali miyala yokha. Padzala panali nthenga zofiira, zina zikuuluka ndi kamphepo.

Pakhonde panali patakhala mlendo, akuchotsa za m'mano ndi kaudzu. Anali a Julius, mkulu wawo wa a Wilkins, amene anachokera kwa Kuntaja kudzaona banja la mng'ono wawo. Enifa anagwada, analonjera, anayankha mafunso onse a sukulu, kenaka analowa m'khitchini mmene amake ankatsuka mbale.

"Amayi, nthenga zili padzalazo n'za chiyani?"

"Tsitsa mawu. Atate ako aakulu amva."

"Amve. Adya ndiwo."

"Iwe, pakamwa apo." Amake anatseka chitseko ndi phazi. "Ndazungulira mudzi wonse kufuna nkhuku yogula, chitopa sichinasiye ngakhale yodwala. Alamu angawa zaka zonsezi sanapondepo pano. Lero abwera, ndiwapatse mfutso? Akakafika kwa Kuntaja akanene kuti mkazi wa Wilkins amadyetsa abale a mwamuna wake masamba ouma? Mbiri imeneyo ikanafika ku Sozibele mazira akowo asanatenthe n'komwe."

"Nanga mazirawa afungatira ndani? Inu?"

Amake anatembenukira kubeseni. Mbale imene ankatsuka inali itayera kalekale, koma ankangoipukuta.

"Wazinga ndani?" anafunsanso Enifa.

"Che Amadi, monga mwa masiku onse."

Che Amadi anali oyandikana nawo nyumba, ogulitsa nsomba zouma ndi mchere. Pamudzipo nkhuku iliyonse ankazinga ndi iwo, kuti Msilamu akafika pakhomo la Mkhristu adye nawo mopanda mantha.

Panja a Julius anatsokomola, nakweza mawu mwaubwenzi.

"Mlamu, mwandilandira bwino. Koma nkhukuyi inali yoonda. Muzizipatsako madeya."

3. Mawu a malume

M'mawa mlendo atapita, a Mailosi anapeza Enifa atakhala pafupi ndi bokosi, akuliyang'ana ngati munthu wodwazika matenda. Anakoka mpando wa ndalema n'kukhala.

"Kulira kwatha? Tsopano tiyeni tiganize. Thadzi lamawanga la kwa a Maliyamu, akazi a Che Amadi, lija lapulumuka chitopa, silikuoneka pabwalo masiku ano. Nkhuku ikasowa koma nthenga osaoneka, ndiye kuti ili pa mazira. Pita ukagwade, ukapemphe. Mwambo wake ukuudziwa. Mwini thadzi amatenga theka la anapiye, ndipo amayamba ndiye kusankha."

"Theka? Mazira ndi a atate. Ndege ndi ya atate."

"Ndege si ya atate ako."

"Koma wasenza ndine. Ndipo iwowo ndi amene azinga thadzi lathu."

"Mpeni unali wawo, pempho linali la amako. Usasokoneze."

"Atate akamva kuti kwatsala theka, sabwera."

A Mailosi anachotsa chipewa n'kuchiika pa bondo. Akatero, aliyense pakhomopo ankadziwa kuti nthabwala zapita kokapuma.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kuno kwathu mwana ndi wa kwa mayi. Iwe atate ako ndi a kwa Kuntaja, koma ukadwala amathamanga ndine, ndipo tsiku la chinkhoswe chako adzakhale pamphasa ndine. Nkhuku nazonso zimatsata lamulo lomweli, ngakhale sizinapiteko kubwalo kukalimva. Mwanapiye safunsa amene anaikira dzira. Amatsata amene anamufunditsa. Dzira lako likangolowa pansi pa thadzi la eni, lasanduka mkamwini. Nyumba limanga komweko, ana lisiya komweko. N'chifukwa chake ndikuti ukalowe ndi odi, masana, anthu akuona, kuti pogawana pasadzakhale mlandu. Theka lopatsidwa ndi manja awiri umagona nalo tulo. Zonse zotenga mozemba zimakudzutsa galu aliyense akauwa. Ine ndasoka zovala za anthu ambiri, ndipo ndikuuze: chigamba choika mobisa ndicho chimayamba kuoneka."

"Ndamva, malume."

"Ndamva" ya mwana wa sukulu ili mitundu iwiri. Pali yolowa m'mutu, ndipo pali yongofuna kuti wamkulu avale chipewa azipita. A Mailosi anavala chipewa n'kupita kusiteshoni.

Chimene iwo sankadziwa n'chakuti Enifa anali atachiona kale chisa cha thadzi lamawanga. Chinali mu mpanda wa khonje wolekanitsa munda wawo ndi wa Che Amadi. Anachipeza tsiku lina akutola nkhuni, ndipo ngakhale a Maliyamu eni ake sankachidziwa.

4. Chisa cha m'khonje

Mazira atagona tsiku lawo lopumula, Enifa anadikira kuti dzuwa lifike paliwombo. A Maliyamu anali atapita kuchigayo, Che Amadi ali kumsika, amake ali kudimba. Anakulunga mazira m'nsalu n'kukwawira m'khonje. Minga inamulemba mizere m'mikono, iye osamva.

Thadzi lamawanga linamuyang'ana ndi diso limodzi, n'kufufuma ngati mayi wa Mvano amene wapeza wina atakhala pa mpando wake. Linamujompha pa chala. Enifa analinyamula, nachotsa mazira ake ang'onoang'ono, naika aakulu aja. Onse pamodzi sakanakwana pansi pa mapiko a nkhuku imodzi. Thadzi linayang'anitsitsa, linatembenuza dzira limodzi ndi mlomo, kenaka linakhala. Nkhuku sidziwa kuwerenga, n'chifukwa chake anthu amaibera.

Mazira a eni anakawaponya m'dzenje la pachulu. Limodzi linasweka pa mwala, ndipo m'kati mwake munali timitsempha tofiira ngati ulusi. Linali litayamba kale moyo. Enifa anakankhira dothi ndi phazi n'kumapita osacheuka.

Madzulo amake anapeza bokosi lili ndi utuchi wokha.

"Mazira aja ali kuti?"

"Ndakasiya kwa a Loveness, kuseri kwa siteshoni. Thadzi lawo likufungatira."

A Mailosi anali pakhonde akuthira mafuta tcheni cha njinga.

"Kwa a Loveness? Ine ndimayesa kumeneko chitopa chinatha ndi nkhunda zomwe."

"Linatsala limodzi."

"Oo. Chaka chino nkhuku zotsala imodziimodzi zachuluka."

Anapukusa pedulo ndi dzanja.

Dzira limafuna masabata atatu, ndipo masabata amenewo Enifa anakhala ngati wofungatira ndi iyeyo, koma pa makala. Kusukulu ankakhala pafupi ndi zenera. Galu akangodutsa kuloza kumudzi, masamu onse ankathawa m'mutu mwake, ndipo rula ya aphunzitsi inazolowera zala zake. Belu likalira ankathamanga osadikira anzake. Ankaba madeya a amake m'thumba la diresi, n'kuika madzi m'chigoba cha dzungu pafupi ndi chisa.

Sabata itatha anachita zimene ankaona akuluakulu akuchita. Thadzi litatuluka kukasamba fumbi, anatenga dzira, nalizinga ndi manja, naliloza kudzuwa. M'kati munali kanthu konga kangaude wofiira, ndipo kanagwedezeka. Anatsala pang'ono kuligwetsa. Mazira awiri anali oyera ngati madzi, ndipo amenewo anawachotsa kuti angadzaphulike n'kuononga anzawo.

Tsiku lina anyamata osaka mbewa anatentha udzu kumunsi kwa munda, mphepo n'kutembenuzira moto kukhonje. Enifa anathyola nthambi zaziwisi n'kumenyana nawo yekha, akutsokomola, mpaka unazima patatsala pang'ono. Diresi la sukulu linabooka pa bondo. Madzulo analipereka kwa malume kuti alisoke.

"Kwa a Loveness kwapsa?" anafunsa a Mailosi akulowetsa ulusi m'singano.

"Ndi makala a kukhitchini."

A Mailosi ananunkhiza diresi.

"Makala a masiku ano akununkha udzu."

Pachitsime ndiye panali povuta kwambiri. A Maliyamu, mayi wamtali wosathamanga poyankhula, anamuthandiza kusenza ndowa, kenaka sanachotse dzanja.

"Enifa, iwe maso ako akadali atsopano. Thadzi lija lamawanga sunalione kumene likugona? Limangobwera kudzamwa madzi n'kuzemba."

"Sindinalione, amayi."

"Ukaliona undiuze, mwanangu. Likundisowetsa tulo."

"Ndikuuzani, amayi."

Madzi anatayikira pamsana pake njira yonse, iye amene sankataya ngakhale dontho.

Mvula yoyamba itagwa, anakokera chidutswa cha lata yakale m'khonje n'kufolera chisa. Thadzi linali litaonda kwambiri, chifukwa linayamba kufungatira mazira a m'ndege asanabwere, ndipo nthawi yake inali itapitirira. Koma silinachoke.

5. Ulaliki wautali

Loweruka masana Enifa anamva timawu pansi pa mapiko. Anagona chafufumimba n'kusuzumira. Dzira limodzi linali ndi kabowo, kamlomo kakusuzumira. Lina linali litang'ambika pakati, mwanapiye wonyowa akukankha, akupuma, akukankhanso. Zala za Enifa zinayabwa. Anakumbukira mawu a a Smart, nakhalira manja ake onse awiri mpaka mwanapiye anatuluka yekha n'kugwa chagada ngati woledzera.

Nzeru yake inali yokonzeka. Anapiye akangouma, awatolera m'dengu, apite nawo kunyumba, anene kuti achokera kwa a Loveness. Thadzi libwerere kwawo lokhalokha, ndipo anthu adzati mazira ake anadyedwa ndi ng'azi.

Lamulungu m'mawa ena anali asanaume, ndipo mazira angapo anali akugogomolabe. Anaganiza zodikira pomwepo, koma mawu a amake anamveka kuchokera pakhomo.

"Enifa, belu loyamba lalira."

"Mutu ukundipweteka, amayi."

"Ukapweteka kutchalitchi. Mulungu amadziwa mankhwala ake."

Tsiku limenelo kunabwera mlaliki wa kutali, wa mtundu uja umene ukati "pomaliza" ndiye kuti wangoyamba kumene. Enifa anasuntha pa benchi mpaka mayi wa pambali pake anamutsina. Nyimbo yomaliza isanathe anali ali panja, akuthamanga, dengu limene analibisa kuseri kwa nkhokwe ali nalo m'manja.

Pansi pa lata panali makoko okhaokha, ndi dzira limodzi losaswa. Padothi lonyowa panali mapazi a thadzi, ndipo pambuyo pake timapazi tambirimbiri. Tonse tinadutsa pa mpata wa khonje, kuloza kwa Che Amadi.

6. Pabwalo pa a Maliyamu

Anapeza anthu atazungulira. Chaka cha chitopa, anapiye ndi chionetsero. Pakati pa bwalo thadzi lamawanga linkapalasa monyada, ndipo pambuyo pake pankayenda anapiye onenepa miyendo, akuda bii pamsana, oyera pachifuwa, ngati mabwana otsika ndege aja atachepetsedwa.

"Thadzi ili ndikulidziwa," ankatero Che Amadi, manja ali m'chiuno. "Silinapiteko ngakhale ku Lunzu. Ana awa lawapeza kuti?"

"Kapena linakumana ndi tambala wa kwa bwana DC," anayankha mayi wina, anthu n'kuseka.

A Mailosi analinso pomwepo, atavalabe jekete la kutchalitchi. Anaona Enifa, anaona dengu, kenaka anayang'ana kumwamba ngati akufunafuna mvula.

"Afanana ndi anzawo a kwa a Loveness," anatero. "Eti Enifa, ajawa aswa liti?"

Enifa anayandikira thadzi. Ananjuta pansi n'kutambasula dzanja, akuitana ndi milomo. Nthawi yomweyo chithunzithunzi cha mphamba chinadutsa pabwalo. Thadzi linalira kamodzi kokha, ndipo anapiye onse anathamangira pansi pa mapiko ake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana dzanja la Enifa.

Akanatha kubwerera kwawo ndi dengu lake, nkhani n'kuthera pomwepo, ndi anapiye omwe. Anaika dengu pansi, napita pamene a Maliyamu anakhala akupeta mpunga, nagwada.

"Amayi, anapiyewa ndi mazira a atate, aja anabwera pa ndege. Ndinaika ndine m'chisa. Mazira anu ndinakataya pachulu."

Kuseka kunazima. Mayi wa tambala wa DC uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya mphika pamoto, koma sanasunthe.

"Ndiye wapanga Chitaganya chakochako m'khonje," anatero a Mailosi. "Kuphatikiza za eni osawafunsa, n'kumati zikomera onse."

Che Amadi anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya akazi awo anasandutsa kusekako chifuwa.

A Maliyamu anaika lichero pambali.

"Dzuka apo, ukhale bwino. Bondo silibweza dzira. Ine ndinadziwa kuti pali dzanja la munthu pamene ndinaona thadzi likubwera lokhuta, madeya anga osawayang'ana. Ndinakufunsa pachitsime paja kuti ndikutsegulire khomo, iwe unalitseka wekha. Tsopano tamvera chimene chikundipweteka. Si mazira aja ayi. Mazira nkhuku imaikira ena. Sabata imene bokosi lako linafika, bakha wanga anali atangoyamba kufungatira kuseri kwa nkhokwe uko. Bakha sasankha, amakhalira ngakhale mbatata. Ukanabwera ndi odi, ndikanachotsa ake n'kuika ako, ndipo theka sindikanalifuna. Chaka cha njala bambo akowa, Che Amadi, anatupa miyendo, anthu onse atafooka, ndipo amene anawasenza pa machira mpaka kuchipatala ndi atate ako. Ife takhala tikufuna pobwezera, osapapeza. Zimenezi iwe sukuzidziwa chifukwa sunafunse. Mwana wosafunsa amaboola nkhokwe imene khomo lake n'lotsegula."

Enifa anayang'ana pansi. Nyerere inkakoka kambewu ka mpunga pafupi ndi bondo lake.

"Ndalakwa, amayi. Tengani theka. Yambani ndinu kusankha. Kapena tengani ochuluka, mungondisiyira poyambira khola, kuti atate abwere."

"Ndigawe bwanji chinthu chimene si changa?"

Enifa anadzutsa mutu.

"Thadzi ili ndi la alamu anga, a Jamila a ku Mdeka, mlongo wawo wa bambo akowa. Anandisungitsa pamene ankapita kukadwazika amuna awo ku Blantyre. Abwerako, ndipo atumiza kale mawu: tsiku limene litulukire, libwere ndi ana ake onse. Ine ndinavomera anthu akumva. N'chifukwa chake linkandisowetsa tulo."

"A Jamila ake ati?" anafunsa a Mailosi, mawu atachepa. "Aja anatengera telala kubwalo chifukwa cha kachidutswa ka nsalu kotsala posoka?"

"Omwewo."

"Telalayo ndinali ine. Mpaka lero ndikawaona ndimawoloka msewu."

"Nanga tikangochotsako angapo lero?" anatero Enifa mofulumira. "Iwo sakudziwa kuti aswa angati."

A Maliyamu anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka Enifa anafuna kuti mawu aja abwerere m'kamwa.

"Ukadali m'khonje, mwanangu. Tuluka. Ukawachotsa kwa make lero, mawa ukawakwirira, ndipo ine ndisanduka wakuba kwa alamu anga chifukwa cha iwe. Ayi. Onse apita. Ngati uli ndi mawu, ukanene ndi pakamwa pako, pakhomo pawo, ndipo ukayambe ndi za pachulu. Ine sindikakunenera. Malume akowa wadzionera wekha, nawonso sangakakunenere. Bambo akowa anyamuka nalo kukangocha, dzuwa lisanatenthe."

Anadzuka, natenga dengu lalikulu la nsungwi limene linali pakhonde, namwaza mpunga pang'ono pansi. Thadzi litabwera ndi ana ake kudzatola, anavundikira onse pamodzi, naika mwala pamwamba. Timawu ta anapiye tinkamveka m'kati, ndipo m'menemo munali ulendo wonse wa a Wilkins.

"Malume," anatero Enifa chapansipansi, "ku Mdeka mundiperekeza?"

A Mailosi anakanda m'mutu, nayang'ana nsapato zawo. Kuseri kwa nyumba, Che Amadi anali atayamba kale kupopa njinga.